Liwu Lopanda Mawu: Kuunika Cimbale ca ( ) ca Gulu la Sigur Rós

Pakati pa zimbale zimene ife a nchito ya zinenero tiyenera kuchera khutu, ngakhale amene nyimbo za magitala sizitikoma, pali ca gulu la ku Iceland lochedwa Sigur Rós, cimene cinatuluka mu Okutobala 2002. Cimbaleci cilibe dzina loti munthu angachule ndi pakamwa. Pacikuto pali mabulaketi awiri cabe opanda kanthu m'kati, nyimbo zake zisanu ndi zitatu zinatuluka zopanda mitu, ndipo kabuku kotsagana naco kali ndi masamba opanda malembo, akuti womvera alembepo yekha zimene wamva. Funso limene tifuna kuunika m'pepala lino ndi ili: woimba akacotsa tanthauzo m'mawu ake, cimatsala n'ciyani, ndipo cotsalaco cimapendekera ku cinenero ca yani?

Ici cinali cimbale cacitatu ca gululi, kutsatira Von ca mu 1997 ndi Ágætis byrjun ca mu 1999. Anacijambulira ku Sundlaugin, nyumba imene kale inali dziwe losambiramo ku Mosfellsbær, pafupi ndi Reykjavík. Panthawiyo gululi linali la anthu anayi: Jón Þór Birgisson, wodziwika kuti Jónsi, woimba ndi woliza gitala, Georg Hólm pa besi, Kjartan Sveinsson pa piyano ndi zofanana nayo, ndi Orri Páll Dýrason pa ng'oma. Anathandizidwa ndi Amiina, kagulu ka akazi anayi oliza zoimbira za nsambo. Jónsi amakhwekhwesa gitala ndi uta wa vayolini yaikulu m'malo mokhwacha ndi zala, motero kuti kulira kwake kumatambasuka osaduka, ndipo liwu lake lokwera kwambiri limalowerera m'kulirako kufikira womvera asadziwe pamene pathera munthu ndi pamene payambira cingwe.

Nyimbo zonse zokhala ndi liwu zaimbidwa m'cimene eni ake amacicha Vonlenska, dzina locokera ku mawu akuti von, kutanthauza ciyembekezo. Atolankhani ambiri a ku Ulaya ndi ku America anathamangira kulemba kuti gululi lapeka cinenero catsopano. Apa tiyenera kutsutsa. Vonlenska ilibe maina, ilibe aneni, ilibe malamulo olumikizira mawu, ndipo eni ake sanabisepo zimenezi. Ciposa apo, munthu akamvetsera cimbale conse ali ndi pensulo m'manja, monga tinazolowera polemba mawu a ofunsidwa kumudzi, amapeza kuti maphatikizo ake ndi ocepa zedi: kamzere kamodzi kamene kamadulidwa, kutalikitsidwa ndi kutembenuzidwa kwa mphindi zopitirira 70. Mwa kalongosoledwe ka Saussure, pali cizindikiro koma cozindikiritsidwa palibe.

Wophunzitsa Cinyanja angafulumire kuyerekeza zimenezi ndi mvekero. Kuyerekezako n'kolakwika, ndipo kulakwa kwake n'kophunzitsa. Munthu akati kunja kuli zii, kapena kuti ufa uli mbee, palibe Mnyanja amene angasinthanitse mawu awiriwo, cifukwa mtundu wonse unagwirizana kale za tanthauzo lawo. Ngakhale maphatikizo opanda tanthauzo amene timavomerezera nawo nyimbo za m'nthano amakhala pambali pa mawu omveka. Wotsogolera wanena kale kuti kalulu wacita ciyani, ndipo ovomera angothandiza kunyamula nkhaniyo. Mu ( ) mulibe nthano yonyamula. Cofanana naco kwenikweni ndi kulankhula malilime, kumene William Samarin anakufufuza m'buku lake la mu 1972, napeza kuti wolankhulayo amatola maliwu a cinenero cimene acidziwa kale n'kuwafewetsa kukhala maphatikizo osavuta obwerezabwereza.

Nanga tsono pali phindu lanji? Phindu lilipo, ndipo sitifuna kulicepetsa. Cimbaleci cagawidwa pawiri ndi kukhala cete kwa pafupifupi theka la mphindi pambuyo pa nyimbo yacinayi. Gawo loyamba ndi lofatsa, lotsogozedwa ndi piyano; nyimbo yacitatu ilibe ngakhale kamzere ka Vonlenska, koma kacigawo kamodzi ka piyano kobwerezedwa mpaka kamakwera pamwamba cakumapeto. Gawo laciwiri ndi lolemera ndi lamdima. Maphatikizo omwe aja amene anamveka ngati kutonthoza mwana m'nyimbo yoyamba amamveka ngati kubuma maliro m'yacisanu ndi ciwiri, ndipo m'yotsiriza, pamene ng'oma za Orri zimasefukira patapita mphindi zingapo zodekha, amasanduka mfuu. Maphatikizo sanasinthe, casintha ndi kutalika, kukwera ndi mphamvu ya liwu. Sitidziwa citsanzo cina comveka bwino cotere coonetsera ophunzira a caka coyamba kuti mbali yaikulu ya zimene munthu amamva siikhala m'dikishonale. Kwa ife a cinenero cimene kukweza liwu kumasiyanitsa mtengo womera ndi mtengo wa pamsika, phunziroli lili ndi mbali ina: woimba wathu amayenera kuganizira kuti nyimbo isapotoze mawu, pamene Jónsi wadzimasula ku nkhawa imeneyi kotheratu. Komabe ufuluwu uli ndi colipira cake. Nyimbo yacisanu ndi yacisanu ndi cimodzi zimayenda pang'onopang'ono kwa mphindi pafupifupi makumi awiri zonse pamodzi, ndipo popeza palibe mawu ogwira maganizo, womvera wosaleza mtima amatayika. Mkonzi wolimba mtima akanadulapo.

Cimene citivuta kwambiri ndi nkhani ya masamba opanda malembo aja. Amati womvera aliyense ali ndi ufulu wofanana wodzazamo tanthauzo lake. Koma kodi ufuluwo ndi wofanana zoona? Mu 2002 anthu a ku Iceland sanali kukwana 300,000, ndipo ndi mtundu wodziwika posamala cinenero cawo, kufikira popeka mawu awoawo monga tölva m'malo mobwereka akuti kompyuta. Ágætis byrjun, coimbidwa kwakukulu m'cineneroco, cinali citaonetsa kale kuti alendo angakonde nyimbo zimene sakuzimva. Poimba m'Vonlenska gululi linazemba kusankha pakati pa cinenero ca kwawo ndi Cingerezi, ndipo ambiri anayamikira nzeru imeneyi. Koma tikaunika maliwu enieniwo, zimene zimapatsa cinenero ca ku Iceland nkhope yake, monga kuunjikana kwa malembo opanda liwu ndi kampweya kotsogolera p, t ndi k, sizimveka konse. Zotsala ndi maphatikizo otseguka, osalala, amene omvera ambiri a Cingerezi anamvamo mawu a kwawo mosavutika. Mnyanja angamvemo zidutswa zofanana ndi zathu, pakuti maphatikizo athu nawonso amathera ndi lembo la liwu, koma msika wa zimbale zotere sunali kwa iye. Motero malo amene cinenero cacing'ono cinasiya sanakhale opanda mwini. Cinenero cacikulu cinalowamo mopanda kuitanidwa.

Sitikunena kuti Sigur Rós inagulitsa cinenero cake. Mu 2005, pa cimbale ca Takk..., inabwerera ku mawu a ku Iceland m'nyimbo zambiri, ndipo omvera akunja sanacepe. Mu 2008, pa Með suð í eyrum við spilum endalaust, inatseka cimbale ndi nyimbo yake yoyamba ya Cingerezi.