Chati ca Mitundu ya Mau a Cingelezi: Tiyeni Ticiunike

Aphunzitsi, pa zipupa za makalasi ambiri a Giredi 3 ndi 4 pamakhala chati ca mitundu 8 ya mau a Cingelezi: dzina, mlowam'malo, mneni, mfotokozi, muonjezi, mperekezi, mlumikizi ndi mfuu. Mtundu uliwonse uli ndi tanthauzo la mzere umodzi, ndipo ana amaliloweza mpaka kulichula ngati nyimbo. Chatici cili ndi ubwino wake. Cimakupatsani maina oti mugwiritse nchito pokonza zimene ana alemba. Koma cinapangidwira munthu amene adziwa kale cinenero, wongofuna kudziwa maina a zimene amanena. Mwana wa ku Katete kapena wa ku Chawama amene wangoyamba kumva Cingelezi afunika thandizo la mtundu wina, ndipo chati sicimupatsa.

Mndandandawu unayambira kwa akatswiri a Cigiriki, monga Dionysius Thrax, n'kudutsa kwa aphunzitsi a Cilatini, monga Donatus wa m'zaka za m'ma 300. Cilatini cilibe timau tonga "a" ndi "the", conco mndandanda wa Donatus unalibe malo ake. Mpaka lero, machati ambiri amangotisiya timauti kapena kutikankhira pansi pa mfotokozi. Komatu "the" ndiwo mau opezeka kawirikawiri kuposa ena onse m'Cingelezi, ndipo m'Cinyanja mulibe. Mwana akalemba kuti "I saw dog", chati cilibe comuuza.

Colakwika coyamba ca chati ndi matanthauzo ake. Cimati mneni ndi mau a kucita. Nanga mwana acita ciani mu "Mary is tall" kapena mu "I know you"? Adzafuna mau a kucita, osawapeza, n'kunena kuti mulibe mneni. Onaninso mau akuti "water". Mu "Drink water" ndi dzina, koma mu "Water the garden" ndi mneni, cikhalireco kalembedwe kake ndi kamodzi. M'Cinyanja mau amaonetsa okha mtundu wao: madzi ndi ena, kuthirira ndi ena, mphunzitsi, phunziro ndi kuphunzira amasiyana poyambira ndi pothera. M'Cingelezi nthawi zambiri malo amene mau aima m'ciganizo ndiwo amatiuza mtundu wake. Mau ongopacikidwa pa cipupa, opanda ciganizo, sanena zambiri.

Colakwika caciwiri n'cakuti chati cimakhala cete pamene ana athu amapunthwa. Mukayang'ana m'mabuku a ana anu mudzapezamo zolakwa zinai izi:

1. "My mother she went to market." Mwanayu adziwa kuti "anapita" ndi "she went". Ndiye akafuna kunena kuti "Amai anapita", amaika zonse ziwiri. M'Cinyanja mneni amanyamula mgwirizanitsi ngakhale dzina lilipo. M'Cingelezi timasankha cimodzi, dzina kapena mlowam'malo.

2. "My brother, she is sick." Mau akuti iye sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, pamene Cingelezi cifuna "he" kapena "she".

3. "House big." Ife timati nyumba yaikulu, mfotokozi pambuyo pa dzina. Cingelezi cimamuika patsogolo.

4. "She is to Chipata." Ku mmodzi yemweyo amatikwanira: apita ku Chipata, ali ku Chipata, acokera ku Chipata. Cingelezi cifuna mau atatu: "to", "in" ndi "from".

Palibe colakwa ngakhale cimodzi apa cimene cingakonzedwe ndi kuloweza tanthauzo. Mwana wolemba "House big" akhoza kukuuzani bwinobwino kuti mfotokozi ndi ciani. Zolakwazi zicokera m'malamulo a Cinyanja amene mwanayo amawatsata molondola. Cimene sanauzidwe n'cakuti Cingelezi cimayenda njira ina pamalo amenewa.

Colakwika cacitatu cimabwera pamene chati comweco catembenuzidwa n'kulowa m'phunziro la Cinyanja. Mau amodzi akuti "ndinamuona" ali ndi wocita, nthawi, wocitidwa ndi tsinde la mneni, zimene Cingelezi cimazimwaza m'mau atatu, "I saw him". Kungowacha mneni n'kupitirira ndi kutaya phunziro lonse. Pa chati palibenso malo a mvekero, monga kuyera mbee, kuda bii, kukhala cete zii. Cacikulu koposa, palibe mgwirizano wa mau, umene ndiwo msana wa ciganizo cathu: mwana wanga wagwa, cipewa canga cagwa, zipewa zanga zagwa. Mwana wa zaka 7 salakwitsa zimenezi polankhula, ndipo ndico cuma cimene amabwera naco ku sukulu.

Nkhaniyi ndi yaikulu cifukwa ca ulendo umene mwana ali nao. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 2013 inakonza kuti ana aziphunzira m'cinenero codziwika kwa iwo kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo kuyambira Giredi 5 maphunziro azicitika m'Cingelezi. Mwana amene sanadziwe kamangidwe ka ciganizo ca Cingelezi amavutika m'masamu ndi m'sayansi momwe, cifukwa funso lenilenilo salimva. Kuongola mtengo m'poyamba.

Musacotse chati, koma cibwere pambuyo. Yambani ndi ciganizo cimene ana anena okha. Lembani pa bolodi kuti "Galu wamkulu anadya nsima", ndipo pansi pake lembani "The big dog ate nsima". Funsani ana kuti: Ndi mau ati ali pamalo ofanana? Ndi ati asinthana malo? Ndi ati alipo m'munsi koma pamwamba palibe? Adzaona okha kuti wocita, mneni ndi wocitidwa amatsatana mofanana m'zinenero zonse ziwiri, ndipo izi zidzawalimbitsa mtima. Adzaonanso kuti "big" wadumphira kutsogolo, ndi kuti "the" alibe mnzake. Kenaka dulani mauwo pa timapepala, ana awasanje, acotse "dog" aikepo "goat", acotse "ate" aikepo "saw". Mau onse okhoza kulowa pamalo a "dog" ndi a mtundu umodzi. Ana akaona zimenezi, mukhoza tsopano kuloza pa chati n'kuwauza kuti mtunduwo umachedwa dzina.

Poyesa ana, musafunse tanthauzo la mfotokozi cabe. Apatseni mau asanu osokonezedwa kuti amange ciganizo, kapena ciganizo colakwika kuti acikonze n'kufotokoza m'Cinyanja cimene asintha. Mwana amene anganene kuti "ndacotsa 'she' cifukwa 'mother' alipo kale" wamvetsa phunziro, ngakhale atakhala kuti sanaloweze mzere uliwonse wa pa chati.