Ng'oma ya Nyalugwe wa ku Amur

Gunda, lankhula! Mpanje, vomera! Mbalule, tchula dzina la mwini mawanga!

Ndinu Nyalugwe wa ku Amur, Mpondachisanu, Chiyendayekha wa m'mapiri a Primorye, kumene Russia wagundana malire ndi China. Ndinu Chifundabweya, amene ubweya wanu umatalika mpaka masentimita 7 kukazizira, mawanga akuluakulu otalikirana pachikopa chotuwa. Mwini mchira wautali, mwini mapazi osamveka mgugu! Mukalira usiku m'chigwa, mawu ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo, agwape amasiya msipu uli m'kamwa.

Gu! Gu-gu! Mtsalapamoto, Mpulumukamfuti! Mu 2007 anatsata mapazi anu pachipale chofewa, napeza kuti kutchire mwatsala ngati 30 basi. Nkhalango anatentha, agwape anu anapha, chikopa chanu anagulitsa. Inu osatha ayi. Mu 2012 Russia anakupatulirani dziko lanulanu, Land of the Leopard, ndipo lero makamera omangirira kumitengo akukuwerengani oposa 100.

Tsono ng'oma itembenuke, iloze inu a m'makola, inu pafupifupi 200 omwazikana m'malo oonetsera nyama kutali ndi kwanu. Ndinu Nkhokweyamtundu, Msungambewu! Mayina anu ali m'buku la mibadwo, wobala ndi wobadwa, kuti pachibale pasakhale ukwati, magazi angafooke. Mumakwera ndege muli m'bokosi, kukapeza mbeta kudziko limene makolo anu sanapondeko. Zikomo, Alendo osadandaula!

Koma apa dzanja la woimba likulemera, pakuti pali makola ena ondiwawitsa mtima. Nyalugwe wa m'khola lopanikiza amayenda kutsata waya. Afika pangodya, atembenuka, abwerera. Afikanso, atembenukanso, mpaka udzu kutha, kanjira kuyera mbee. Alibe thanthwe lokwerapo, alibe chitsamba chobisalamo. Ana akugogoda galasi, akuluakulu akuimba likhweru kuti adzuke ajambulidwe. Chonsecho ulemu wonse wa nyalugwe uli pa kusaoneka! Iye amakuona iwe usanamuone, ndipo mlenje amatha kukalamba atangoona mapazi okha. Womuika poyera tsiku lonse wamuvula ufumu, ngakhale amupatse nyama yonona bwanji.

Gu-gu! Gu! Nthungululu zipite ku Scotland, kumapiri a Cairngorms, ku Highland Wildlife Park. Kumeneko anamanga mpanda waukulu paphiri la mitengo, kuseri, kosafika wogula tikiti. Taganizani, anthu amene ndalama zawo zimachokera pachipata, kusunga nyama yokoka khamu chotere n'kuibisa dala! Anatero kuti ana obadwiramo asazolowere fungo la munthu, asathamangire phokoso la galimoto, akhale oyenera kubwerera kunkhalango za Russia tsiku lina. Osamalira amenewo ndiwo Adziwaulemu, Ogwirantchito mwakachetechete, oika chakudya n'kuchoka osaitana chiweto ndi dzina.

Freddo, nyalugwe wamwamuna wochokera ku Tallinn ku Estonia, landirani ng'oma! Arina, nyalugwe wamkazi wobadwira ku Twycross ku England, landirani nthungululu! Munakumana kuseriko popanda maso a anthu, ndipo mu 2018 mwana anabadwa. Panalibe khamu pagalasi, panalibe womunyamula m'manja kuti ajambulitse naye. Make ndiye anamunyambita, make ndiye anamunyamula pakhosi ndi mano aja othyola khosi la gwape.

Kamwana ka Mpondachisanu, Kobadwiramseri, Mdzukulu wa Primorye! Nola zikhadabo pakhungwa la mtengo. Phunzira kugwada m'udzu mphepo ikuchokera kutsogolo, phunzira kudikira, phunzira kulumpha kamodzi kokha. Ukamva phazi la munthu, thawa, mwanawe, thawa ndithu! Gunda, gunda! Mpanje, kokera! Amayi, nthungululu!