A Banda a mu I Am Not a Witch: dzanja lomwe lidyetsa ndi lomwe litsina

Koyamba kuwaona a Banda mu filimu ya Rungano Nyoni, I Am Not a Witch, amakhala ali m'bafa. Thovu lili yayaya thupi lonse, mkazi wawo akuwasambitsa, iwo ali pa foni ndi wapolisi amene akuwauza kuti kwapezeka kamtsikana koganiziridwa ufiti. Woonera amayamba kuseka asanadziwe kuti bambo wonenepayu ndi amene adzagulitse moyo wa mwanayo pang'onopang'ono. Filimuyi inaonetsedwa koyamba ku Cannes mu 2017, ndipo mu 2018 inapatsa Nyoni, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, mphoto ya BAFTA. Ambiri amaikumbukira chifukwa cha maso a Maggie Mulubwa, yemwe anasewera kamtsikanako, Shula. Ine ndimaikumbukiranso chifukwa cha Henry B.J. Phiri, amene anasewera a Banda, mkulu wa boma woyang'anira amayi otchedwa mfiti.

Olemba masewero ambiri akafuna munthu wa nkhope ziwiri amachita kusinthanitsa: lero athandize wamasiye, mawa amenye wantchito, mkuja alape. Munthu wotere sakhala mmodzi, amakhala anthu awiri obwerekana malaya. Nyoni sanatero. Chifundo cha a Banda ndi nkhanza zawo zimatuluka pa kasupe mmodzi, ndipo nthawi zambiri zimachitika m'kachitidwe kamodzi komweko. Amamutengera Shula kunyumba kwawo, amamulankhula monyengerera ngati mwana wawo, amamukweza galimoto. Koma galimotoyo ikupita kumene mwanayo akaloze wakuba pakati pa amuna ondandalikidwa, kuti a Banda atolere mphatso. Simungachotse kukoma mtimako n'kusiya dyera lokha, chifukwa kukoma mtimako ndiyo njira imene dyeralo limadyera.

Pali chochitika china chimene wolemba aliyense ayenera kuchionera mobwereza. A Banda apita ndi Shula ku pulogalamu ya pa TV, atamuveka zovala zoopsa, ndipo akutsatsa mazira amene akuti ali ndi mphamvu ya mwanayo. Akulankhula mosangalala ngati wamalonda wa pa Cairo Road. Kenaka pafunsidwa funso losavuta: bwanji ngati uyu ndi mwana chabe? Kamera siithamangira kwa a Banda kuti adziteteze. Imakhala pa nkhope ya Shula mpaka misozi kulengeza. Kuseka kumene woonera anali nako mphindi yapitayo kumamukhalira pakhosi, chifukwa wazindikira kuti nayenso amasangalala ndi malondawo. Nthabwala apa si zokometsera nkhani ayi. Ndi zimene zimamukokera woonera m'mlandu.

Chinanso chimene Nyoni anachita bwino n'kuwapatsa a Banda munthu womuopa. Pamaso pa mfumu yaikazi amagwada, kudzichepetsa mpaka pansi. Mkazi wawo nayenso ndi mmodzi wa otchedwa mfiti, ndipo riboni yoyera imene otchedwa mfiti amamangidwa nayo ikadalipo ngakhale amakhala m'nyumba yabwino. Tikaona zimenezi sitiwakhululukira, koma timamvetsa kumene nkhanzazo zikuchokera: wopondedwa kumwamba amaponda wapansi.

Luso limeneli si lachilendo kwa ife. Kalulu wa m'nthano timamukonda ngakhale amasiya Fisi m'mavuto oti sangatulukemo, ndipo Julius Chongo, pa pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia, ankadziwa kuseketsa omvera ndi anthu ochenjera mopweteka. Koma nthabwala zathu za pa siteji zinatenga njira yofewerapo. Izeki ndi Jakobo ku Malawi, Bikiloni ndi Difikoti ku Zambia, anatiseketsa ndi umbuli, kukangana ndi tiukambelembele tosapha munthu. Ndi luso lalikulu ndithu, ndipo sindikulichepetsa. Kungoti munthu wa m'masewero otero tikamaliza kuseka timamusiya pomwepo. A Banda timapita nawo kunyumba.

Filimuyi ili ndi pofooka pake. A Banda si mwini nkhani. Timawaona kunja kokha, ndipo palibe pamene timawapeza ali okha, opanda wowaonera, kuti tidziwe ngati amakhulupirira zimene amagulitsa. Nthawi zina Phiri amawasewera mokokomeza moti woonera amapeza pothawira, n'kunena kuti munthu wotere kulibe. Pamenepo ndiye pali ntchito imene olemba a ku Lusaka sanaimalize.

Tiyerekeze mayi wa ku Kabwata wokongoza ndalama za kaloba, zimene ku Malawi timati katapila. Pa maliro ndiye woyamba kufika ndi thumba la ufa, ndiye wolira mokweza, ndiye wolipira galimoto yopita ku manda a Leopards Hill. Pa chitenje chomwecho wamangapo kabuku ka angongole, ndipo m'kabukumo dzina la namfedwa lalowa kale maliro asanaikidwe. Mwezi ukatha apita kukanyamula firiji, akumutchulabe namfedwayo kuti "mwana wanga", ndipo akunena zoona. Mayi ameneyu amanjenjemera akaitanidwa ku Kabulonga ndi amene anamubwereka mpamba. Wolemba asamulapitse pa mapeto, asamuphe pa ngozi kuti owonera apume. Amupatse nthabwala zabwino kuposa za wina aliyense m'seweromo, chifukwa tikamukonda ndi pamene firijiyo idzatipweteke. Ndipo wolandidwayo akhale munthu weniweni, wokhala ndi dzina ndi khalidwe, monga Shula, osati chidole chongolirira pakona.

Owonera a ku Chelstone ndi ku Woodlands amawadziwa anthu otere: ndi alandilodi awo, abusa awo, amalume amene anawalipirira sukulu n'kumawakumbutsa pa ukwati uliwonse. Inu olembera Lusaka Playhouse, ZNBC ndi Zambezi Magic, muikeni munthu ameneyu pakati pa sewero, osati m'mbali, ndipo mutionetse zimene amachita chitseko chikatsekedwa.