Kuyandikira chipatala si kulandira thandizo

Ofufuza a digiri ya PhD akamayeza ngati Amalawi akufikira thandizo la zaumoyo, kawirikawiri amatsamira pa muyeso wa boma, woona ngati munthu akukhala mosapitirira mtunda woikika kuchokera kuchipatala. Muyesowu ndi wothandiza posankha malo omangapo zipatala zatsopano. Koma mapu saonetsa mtsinje wosefukira m'dzinja ku Nsanje, ndalama yolipira pachipatala cha CHAM, kapena mayi wobwerera chimanjamanja chifukwa mankhwala atha. Pamapepala, anthu okumana ndi mavutowa amawerengedwa kuti thandizo ali nalo pafupi.

Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya amawadziwa anthuwa ndi mayina omwe, komabe nthawi zambiri amangoperekeza ofufuza kwa amfumu. Ofufuza aziyamba amva maganizo awo asanalembe mafunso, osati kafukufuku atatha.