Kudyetsa ng'ombe ya bere: kodi zotsatira za ku Nebraska zingagwire ntchito m'khola la mlimi wathu?

Pakati pa akatswiri a ziweto pali chiphunzitso chakuti chakudya chimene ng'ombe yadya ili ndi bere chimakhudza moyo wonse wa mwana wake: kakulidwe, kuchuluka kwa nyama, ngakhalenso kubereka kwake akadzakula. Chiphunzitsochi chatsamira kwambiri pa kafukufuku amene akatswiri a University of Nebraska ku America anachita pa malo awo oyesera a Gudmundsen Sandhills Laboratory. Popeza alimi akamva uthenga wotere amayenera kusankha kopita madeya ndi masangwi awo ochepawo, ndi bwino tiunike zimene kafukufukuyu anapeza tisanapite nazo kumudzi.

Zimene anachita ndi zimene anapeza

Ng'ombe za ku Nebraska zimabereka m'mwezi wa Malichi, choncho miyezi itatu yomaliza ya bere imagwera m'nyengo yozizira, udzu utauma. Akatswiriwa anagawa ng'ombe za bere pawiri. Gulu lina linkadya udzu woumawo basi, pamene lina linkalandiranso chakudya chowonjezera chokwana makilogalamu 0.45 patsiku, chokhala ndi mapuloteni okwana 42 pa 100 alionse.

Lipoti la Stalker ndi anzake la mu 2006 linaonetsa kuti ana a magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni kulemera kwawo pobadwa. Kusiyana kunaoneka pa nthawi yoletsa kuyamwa: ana a ng'ombe zowonjezeredwa chakudya ankalemera makilogalamu 218, a gulu linalo 211. Ana amene anafika pa msinkhuwu ali moyo analinso ochulukirapo m'gulu lowonjezeredwa chakudya. Mu 2007, Martin, Funston ndi anzawo anafalitsa zotsatira za misoti 170 yobadwa kwa ng'ombe zoterezi. Mwa misoti ya ng'ombe zowonjezeredwa chakudya, 93 pa 100 inatenga bere, poyerekeza ndi 80 pa 100 ya gulu linalo. Imene inabereka m'masiku 21 oyambirira a nyengo yobereka inali 77 pa 100, poyerekeza ndi 49 pa 100.

Pamene pali mphamvu ya kafukufukuyu

Ntchitoyi ndi yoyamikika pa zifukwa zitatu. Choyamba, anaibwereza zaka zitatu, kotero kuti zotsatira zake sizinadalire nyengo ya chaka chimodzi. Chachiwiri, ng'ombezo zinali kubusa, zikudya udzu weniweni wa m'deralo. Chachitatu, sanalekere pa tsiku lobereka, koma anatsatira anawo mpaka nawonso atabereka. Kafukufuku wambiri wa ziweto amalephera pamenepa chifukwa kutsatira ng'ombe zaka zambiri kumafuna ndalama ndi kudekha.

Zotsatirazi zikugwirizananso ndi zimene tikudziwa za thupi la ng'ombe. Bere la ng'ombe limatenga miyezi isanu ndi inayi ndi masiku pang'ono, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa mwana amawonjezeka m'miyezi itatu yomaliza. Komanso tizilombo ta m'chifu cha ng'ombe, timene timagaya udzu, timafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni osachepera 7 pa 100. Udzu wouma ukatsika pamenepo, kugaya kumachedwa ndipo ng'ombe imadya pang'ono ngakhale udzuwo uli wambiri. Mapuloteni ochepa owonjezera amadzutsa tizilomboti, ng'ombe n'kuyamba kudya ndi kupindula ndi udzu womwewo. Mfundo imeneyi imagwira ntchito paliponse, kaya ndi ku Nebraska, ku Mzimba kapena ku Chikwawa.

Phunziro lina lothandiza ndi la kulemera pobadwa. Alimi ena amaopa kuti ng'ombe ya bere ikamadya bwino mwana amakula kwambiri m'mimba n'kukanika kutuluka. Pa mlingo wochepa ngati umene unaperekedwa ku Nebraska, zimenezi sizinachitike. Kawirikawiri vuto lobereka limabwera msoti waung'ono ukakweredwa ndi nkhunzi ya mtundu waukulu, kapena ng'ombe ikafooka ndi njala mpaka kusowa mphamvu zokankhira.

Pamene pali zofooka

Chofooka chachikulu chili m'kakonzedwe ka kafukufukuyu. Mwana aliyense anayamwa kwa mayi wake womubereka. Tsono ng'ombe imene yadya bwino ili ndi bere imabereka ili ndi thupi, ndipo ikhoza kutulutsa mkaka woyamba wabwino, uja wachikasu timati chithuwi, komanso mkaka wochulukirapo pambuyo pake. Tikaona mwana wolemera pa kuletsa kuyamwa, sitingadziwe kuti ndi gawo lanji la kulemerako lachokera m'mimba ndipo ndi lanji lachokera ku mkaka. Kuti tisiyanitse ziwirizi pamafunika kusinthanitsa ana akangobadwa, kuti wa ng'ombe yodya bwino akayamwe kwa yosawonjezeredwa chakudya. Kwa mlimi mwina kusiyanaku kungaoneke kopanda ntchito, koma kuli ndi tanthauzo: ngati phindu lalikulu likudzera mu mkaka, ndiye kuti kudyetsa ng'ombe itabereka kale n'kofunika mofanana, ndipo chakudya chosungidwa chisathere pa bere pokha.

Chachiwiri, kusiyana kwa makilogalamu 7 pa mwana wopitirira makilogalamu 200 n'kochepa, pafupifupi 3 pa 100 basi. Mlimi sangakuone ndi maso. Mlangizi amene walonjeza kuti mwana adzakula modabwitsa adzachita manyazi pa nthawi yoletsa kuyamwa.

Chachitatu, ng'ombe zawo ndi zathu n'zosiyana. Za ku Nebraska ndi zosakaniza mitundu ya ku Ulaya, zolemera pafupifupi makilogalamu 500, ndipo ana ake amabadwa ndi makilogalamu 36 kapena 37. Ng'ombe yathu ya Malawi Zebu imalemera pafupifupi theka la pamenepo. Zawo zimapatsidwa nkhunzi pa nyengo yoikika, choncho mwini wake amadziwa mwezi umene bere lafika. Kwathu nkhunzi imayenda ndi gulu chaka chonse, ndipo alimi ambiri amazindikira bere mimba itatuluka kale.

Chachinayi, njala yake si yofanana. M'kafukufuku wa 2006 uja, ng'ombe pafupifupi 9 pa 10 zinatenganso bere m'magulu onse awiri, zowonjezeredwa chakudya ndi zosawonjezeredwa zomwe. Izi zikuonetsa kuti ngakhale gulu losawonjezeredwalo silinafike pa njala imene timaiona kuno mu Okutobala, pamene nthiti za ng'ombe zimawerengeka uli patali ndipo si zachilendo ng'ombe kubereka kamodzi pa zaka ziwiri. Apa kafukufuku wa Greenwood ndi Cafe ku Grafton, m'dziko la Australia, ndiye akuyandikira kwathu. Iwo anapeza kuti ng'ombe ikasowa chakudya kwambiri kwa miyezi yambiri ya bere, mwana amabadwa wopepuka ndipo amakhalabe wotsalira pa kakulidwe. Choncho mawu akuti chakudya sichisintha kulemera pobadwa tisawanene ngati lamulo. Ndi oona pa ng'ombe zosowa pang'ono, koma osati pa ng'ombe zowonda.

Kodi chakudyacho tikachipeza kuti?

Makilogalamu 0.45 a chakudya cha mapuloteni 42 pa 100 amapereka magalamu pafupifupi 190 a mapuloteni patsiku. Pa masiku 90, ng'ombe imodzi imatha makilogalamu 40, osakwana thumba limodzi. Chimene chingafanane nacho kuno ndi keke wa njere za thonje kapena wa soya, amene mlimi wa kumudzi samupeza mosavuta.

Madeya ali ndi mapuloteni pafupifupi 10 pa 100. Kuti apereke magalamu 190 pangafunike pafupifupi makilogalamu awiri patsiku, kapena matumba oposa atatu a makilogalamu 50 pa miyezi itatu. Ng'ombe yathu, poti ndi yaying'ono, ingafune zocheperapo, komabe madeya omwewo akufunidwa ndi nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe zonenepetsa m'khola. Kuwonjezera apo, madeya ndi chakudya chopatsa mphamvu kuposa chomanga thupi, ndipo akachuluka amachepetsa kagayidwe ka udzu. Amene akulangiza madeya m'malo mwa chakudya cha ku Nebraska chija akulangiza chinthu china, chimene kafukufukuyu sanachiyese.

Zoyandikira kwambiri zili m'munda. Masangwi a mtedza ali ndi mapuloteni pakati pa 10 ndi 15 pa 100 akasungidwa masamba asanayoyoke, pamene mapesi a chimanga ali ndi 4 kapena 5 basi. Masamba a lukina ndi gilisidiya amapitirira 20 pa 100, koma lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse chifukwa akachuluka amadwalitsa ng'ombe. Mapesi akhozanso kuwonjezeredwa mphamvu ndi yureya: makilogalamu 4 kapena 5 osungunula m'madzi pa makilogalamu 100 a mapesi, n'kuwatsekera m'dzenje kapena m'pulasitiki kwa masabata atatu. Njira imeneyi ichitike mlangizi ali pomwepo, chifukwa yureya wosasungunuka bwino amapha ng'ombe.

Apa tikukumana ndi mkangano umene kafukufuku wa ziweto yekha sangauthetse. Mlangizi wa mbewu akuti mapesi atsale m'munda kuti aphimbire nthaka mu ulimi wa mtayakhasu, pamene wa ziweto akuti atutidwe apite kukhola. Mlimi ndi mmodzi, munda ndi umodzi. Tikayang'ana manambala ali pamwambawa, chanzeru ndi kusiya mapesi ambiri m'munda n'kututa masangwi, chifukwa ndiwo ali ndi chimene ng'ombe ya bere ikusowa. Koma masangwi amabwezeranso chonde m'nthaka, choncho amene wawatuta abwezere manyowa a m'khola m'munda momwemo.

Zimene tingauze alimi mosakayika

Ng'ombe imene yakweredwa mu Febuluwale, msipu uli wobiriwira, imabereka mu Novembala, ndipo miyezi yake itatu yomaliza imagwera pachimake pa chilimwe. Choncho kukonzekera kuyambe pa nthawi yokolola, mu Meyi ndi Juni. Masangwi aumitsidwe n'kusungidwa pa thandala pamthunzi, osati kusiyidwa pamtunda mpaka masamba atatha. Alimi otsogola alimbikitse anzawo kulemba tsiku limene aona ng'ombe ikukweredwa. Chakudya chikachepa, chiyambe kuperekedwa kwa misoti ya bere loyamba, imene ikukulabe payokha, ndi kwa ng'ombe zimene nthiti zayamba kuoneka. China chisungidwe cha masabata oyamba itabereka, mvula isanameretse msipu. Mwana ayamwe chithuwi m'maola 6 oyambirira, chifukwa pakatha tsiku limodzi matumbo ake satenganso chitetezo chimene chili mu mkakawo.

Uthenga wake ukhale wa zimene mlimi angathe kuwerenga yekha: ana ochepa akufa, ng'ombe ikubereka ili ndi mphamvu, ndipo ikubwerera msanga kwa nkhunzi. Za misoti yobereka msanga ndi nyama yochuluka tisazilonjeze ngati zotsimikizika pa Malawi Zebu. Pa zimenezi pakufunika kuyesa kwathu komwe, pa masangwi ndi lukina, polemba kulemera pobadwa, kulemera pa kuletsa kuyamwa, ana amene afa ndi masiku amene ng'ombe yatenga kuti ikhalenso ndi bere. Alangizi amene muli ndi magulu a alimi oweta ng'ombe mukhoza kuyamba kulemba zinthu zinayi zimenezi nyengo ino, pogwiritsa ntchito tepi yoyezera pachifuwa ndi kope wamba.