Ojambula Kumene Nyenyezi Zimabadwira

Ndimawavulira chipewa anthu amene amachezera panja usiku wonse, kamera italoza kumwamba, kujambula mitambo ya mpweya ndi fumbi momwe nyenyezi zimabadwira. Palibe amawalipira. Kukacha amapita ku ntchito zawo maso ali psuu.

Ambiri amayambira pa Orion Nebula, kachifunga kooneka ndi maso pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 1,300 kuti kutifike, ndipo kumafika kofooka kwambiri. Kamera iyenera kuyang'ana nthawi yaitali, koma dziko silileka kuzungulira; popanda kamakina kotsatira nyenyezi, chithunzi chimangokhala mizeremizere. Mame nawo amanyowetsa galasi, mwezi ukawala ntchito imaima. Ndiye wojambula amatola zithunzi zambirimbiri n'kuziphatikiza pa kompyuta, kuchotsa zinyalala moleza mtima ngati mayi wopeta mpunga. Pamenepo kufiira kwa mpweya wa hydrogen, kumene diso silitha kuona usiku, kumatulukira poyera. Kudekha kumeneku n'kumene kumandigwira mtima.

Luso limeneli linayamba kalekale. Henry Draper, dokotala wa ku America, anajambula Orion mu 1880. Mu 1883 Andrew Common, kunyumba kwake ku Ealing mu London, anajambula nyenyezi zimene diso silinkaziona ngakhale pa telesikopu.

Ife kuno tili ndi mwayi. Carina Nebula, wamkulu kuposa Orion, amaoneka bwino ku Malawi, pomwe ku Britain satuluka n'komwe.