Ishmael wa mu Nairobi Heat: Timukhulupirire Mpaka Pati?

Nairobi Heat, buku la Mukoma wa Ngugi lomwe linatuluka mu 2009, limayamba ndi mtembo. Mtsikana wachizungu wapezeka atafa pakhomo pa Joshua Hakizimana, mphunzitsi wa ku Rwanda wokhala ku Madison, Wisconsin, amene dziko lonse limamutama kuti anapulumutsa anthu ambiri pa chipolowe cha 1994. Wofufuza mlanduwu ndi Ishmael, wapolisi wakuda wa ku America, ndipo ndiye akutisimbira nkhani yonse. Lamya ya munthu wosadziwika ikumutumiza ku Nairobi, komwe akugwirizana ndi wapolisi mnzake Odhiambo, amene aliyense amangomutcha O.

Poyamba Ishmael ndi wosavuta kumukonda. Kwawo akuda anzake amamuona ngati wogulitsa mtundu chifukwa cha ntchito yake, ndipo ukwati wake unatha pa nkhani yomweyo. Atafika ku Kenya akumutcha mzungu. Sabisa kuti zimenezi zikumupweteka, sabisanso mantha ake. Munthu akaulula zofooka zake chonchi, woŵerenga amatsitsa chishango.

Vuto likuyamba mfuti zikayamba kulira. O amapha mosazengereza, ku Mathare ndi kwina, ndipo Ishmael amanyansidwa tsiku loyamba, n'kuzolowera tsiku lachitatu. Chimene chikundivuta ine si kuchuluka kwa mitembo ayi. Mabuku amtunduwu ndi mmene amakhalira. Chikundivuta n'chakuti imfa iliyonse timaimva kuchokera pakamwa pa wowombera. Akatiuza kuti panalibe kuchitira mwina, palibe wina m'bukumo woti atsutse. Ophedwawo ambiri alibe mayina, alibe amayi odzawalira. Ngakhale Muddy, mkazi wa ku Rwanda amene anaona zoopsa kuposa amuna onsewa, timamuona kwambiri kudzera m'maso a Ishmael wogwa m'chikondi, ndipo maso otero saona zonse.

Amene simunaŵerenge bukuli mundikhululukire, ndiulula mathero. Zikudziwika kuti Joshua sanali mpulumutsi: sukulu yake inali msampha wokopera anthu kwa akupha. Malamulo akulephera kumugwira. Ndiye Ishmael, munthu wakuda, akupita kwa a Ku Klux Klan kuti amuthandize kuthana naye. Ndinaŵerenga mbali imeneyi mtima ukunena kuti zamukwana Joshua, koma m'mimba mukutembenuka.

Kwa ife a ku Kabwe, chiyeso chovomereza Ishmael n'chachikulu. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, chaka chomwe chija cha Rwanda, koma fumbi lake likadali m'mabwalo a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo likadali m'magazi a ana. Mlandu wosumira kampani ya Anglo American unakafika kukhoti ku Johannesburg mu 2020, kampaniyo ikukana kuti ndi yolakwa, ndipo mu December 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu. Munthu wokulira m'tauni yotere safuna kuphunzitsidwa kuti chilungamo cha m'mapepala chimayenda ngati birimankhwe. Mukoma akudziwa njala imeneyi, ndipo akuidyetsa mwaluso. Akuonetsanso bwino mmene chisoni cha Afirika chimasandukira malonda, kudzera mu bungwe la m'nkhaniyi la Never Again Foundation, lodyera ndalama pa dzina la ophedwa. Mbali imeneyo ndi yabwino kuposa zonse m'bukuli.

Koma njala yomweyo ndi imene imasonkhanitsa anthu pamsika ndi miyala akamva mfuwu wa “wakuba!” Aliyense pagulupo amakhala wotsimikiza ngati Ishmael. Kusiyana n'kwakuti m'buku mlembi waonetsetsa kuti wophedwayo ndi wolakwadi.

Ndikanakonda Mukoma akanasiya kampata koti tikayikire wosimba nkhani wake, kuti pena Ishmael aphonye, aphe wosalakwa, kenako asenze mtolowo. M'malo mwake akubwerera ku Nairobi ali mfulu, ndipo mu Black Star Nairobi ya 2013 timamupeza atatsegula ofesi yofufuza milandu pamodzi ndi O. Buku lachiwirilo ndinaligula ndithu, ndipo ndinaliŵerenga ndikuŵerengera mitembo imene Ishmael sakuiŵerenga.